Chala cha Ba Ng'andu

Ngati mukuti ndimanama, kwerani minibasi mukafunse ku Kabwata. Alipo mpaka lero amene anaona ndi maso awo.

Chaka chimene makampani ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito, Ba Ng'andu, mlonda wakale wa ku Kabulonga, anachita khungu. Ankakhala ndi mwana wawo Nsofwa, wopemphera Sabata, amene Loweruka sankatsegula kantemba kake kogulitsiramo tinthu mpaka nyenyezi yoyamba itaoneka.

Loweruka lina dzuwa litangolowa, thambo lili psuu cha ku Makeni, utsi wa mbaula ukukwera mwaulesi, mkuluyo ali pampando wake panja, anakweza chala pang'onopang'ono.

"Tsegula, mwana wanga. Yabwela."

Anthu anayang'ana kumwamba, kunalibe kanthu. Kenako pomwe panaloza chalacho panatuluka nyenyezi, ngwee, yokhayokha.

Mawa lake zinachitikanso. Lolemba analoza ziwiri, ndipo zinatuluka motsatana ngati zaitanidwa maina. Nthawi imeneyo ngakhale agalu ankangoti zii. Manong'onong'o anayamba: ati anagulitsa maso kuti aziona zakumwamba, ati nyenyezi iliyonse imene aitana ndi munthu amene adzafe. Mkazi wa Ba Bwembya, oyandikana nawo, atagwa ndi matenda, anthu anadzaza pabwalo pa Ba Ng'andu kachisisira, miyala ili m'manja.

Tsikulo kunali mitambo yokhayokha.

"Lozani manje tione, imwe ba mfiti!" anatero Bwembya.

"Batate, osakweza dzanja, napapata," ananong'ona Nsofwa mochonderera.

Chala chinakwera. Mtambo unang'ambika pang'ono ngati chitenje chakutha, ndipo pakabowopo panaima nyenyezi, ikuphethira. Amayi ena anagwada. Dzanja la Bwembya linadzuka ndi mwala.

Pamenepo munthu wina kumbuyo anaphulika ndi phwete.

"Iwe Bwembya, maso yako ni ya chani? Nsofwa ndiye amayamba kuiona! Amatembenuza mpando, apo aponda batate bake pa phazi kuti aloze!"

Anthu anaseka mwamanyazi, miyala n'kugwa pansi, aliyense akuti iye anazindikira kale. Mkazi wa Bwembya anachira, anali malungo chabe. Ba Ng'andu anakhala m'nyumba yawo mpaka imfa.

Woseka uja ndinali ine. Zonse ndanenazi n'zoona, kupatula chimodzi: za phazi zija ndinapeka pomwepo. Onse akuyang'ana kumwamba, ine ndinkayang'ana Nsofwa. Anali atachoka kale pambali pa bambo ake, atagwada pakhomo, nkhope ili m'manja.