Ahedi Alongolola M'kalasi

"Ine ndinayamba kulima ndisanamere mano," anatero ahedi pakhonde.

Kapensulo anamva. Ahediwo ndi bambo ake. Khasu lawo kunyumba lili ndi dzimbiri.

Kapensulo ndi monita wa kalasi. Amalemba maina a olongolola. Wolembedwa amatunga madzi ndowa ziwiri. Lamulo limeneli anaika ndi ahedi.

Tsiku limenelo kunabwera mlangizi wa zaulimi. Anabwera ndi mabotolo. Anabwera ndi mbande za letesi, ndiwo zamasamba. Dothi sanabwere nalo.

Ana anakhala kutsogolo. Aphunzitsi anakhala kumbuyo, pa timipando ta ana.

"Letesiyu amakula m'madzi," anatero mlangizi. "Chakudya chake chili m'madzimo. Koma musadzaze botolo. Mizu imafuna mpweya."

Ahedi sanamve. Ankasimbira aphunzitsi za dzungu lawo. Akuti linali lalikulu ngati tebulo.

Kapensulo anayang'ana ahedi. Anayang'ana pepala. Alembe? Asalembe? Analemba kuti "Ababa." Anafufuta. Analemba kuti "Ahedi." Pepalalo analibisa m'thumba.

Aliyense analandira botolo ndi mbande yake. Ahedi anadzaza botolo lawo mpaka pakamwa. Lolemba anadzaza. Lachiwiri anadzaza. Lachitatu anadzazanso.

Letesi wa Kapensulo anakula. Letesi wa ahedi anawerama.

Kunyumba bambo ananong'ona. "Mwanangu, letesi wanga akudwala chiyani?"

"Wamira, ababa. Mizu imafuna mpweya."

"Mlangizi ananena liti zimenezo?"

"Pa nthawi ya dzungu ija."

Kapensulo anatulutsa pepala. Kodi ababa akwiya?

Bambo anawerenga. Panali dzina limodzi lokha. Koma anawerenga nthawi yaitali.

Amayi anasuzumira. Nawonso anawerenga.

"Ndowa ili kuseri kwa chitseko, bambo," anatero amayi.

M'mawa mwake ana anaima pamzere. Aphunzitsi anaima pakhonde. Amayi anaima pageti.

Ahedi anadutsa ndi ndowa, atavala tayi. Anayenda mwaulemu, ngati akutsegulira msonkhano. Anatunga yoyamba. Anatunga yachiwiri. Kenako anapungula madzi m'botolo lawo. Mizu inapuma.

Ahedi anaima pamaso pa Kapensulo. Nsapato ndi tayi zinali zitanyowa.

"A monita, ndamaliza?"

Kapensulo anasuzumira m'ndowa.

"Madzi ena atayika panjira, ahedi," anatero. "Koma mwamaliza."

Anafufuta dzinalo onse akuona. Kenako anawathandiza bambo ake kufinya tayi.