Kabokosi ka Pansi pa Mpando

Wilbroad Sakala sankaba njinga zamoto. Ankaba za m'kati mwake, mwini wake ali pa benchi panja akumwa thobwa.

Garaja yake inali kuseri kwa msika ku Chipata, ndipo onyamula anthu pa njinga ankamukhulupirira ngati dokotala. Njinga zawo zambiri zinali za mapulagi awiri. Pansi pa mpando pamakhala kabokosi kakuda kamene kamalamula nthawi yoyatsira moto mu injini. Wilbroad ankachotsa kabokosi kenikeniko n'kukagulitsa kutsidya kwa malire, m'malo mwake n'kuikamo kotchipa. Kotchipako kanali kopupuluma, kankayatsa mapulagi onse awiri nthawi isanakwane. M'tauni palibe ankazindikira. Koma pa ulendo wautali, njinga italemedwa, injini inkagogoda, n'kutentha, kenako n'kuuma gwa.

Lachiwiri masana, njinga ya Abednego Mbewe inauma chotero pa msewu wa ku Madzimoyo, lole ili kumbuyo kwake. Abednego anafera pomwepo. Lachinayi apolisi anaitana makanika wina, amene anatsegula mpando n'kupeza kabokosi kachilendo. Mkazi wa malemuyo atafunsidwa kumene njinga inkakonzedwa, anatchula dzina limodzi.

Nkhani ya ku polisi imafika pamsika apolisiwo asanamange nsapato. Wilbroad anaimva kwa mayi wogulitsa tomato. Sanatseke n'komwe garaja. Anatsitsa chipewa kumaso, n'kuyenda wapansi mpaka kumapeto kwa tauni, kumene onyamula anthu sankamudziwa nkhope. Anasankha wanjinga yofiira, mnyamata wankhope yosekaseka, dzina lake Israel.

"Mundifikitse kumalire," anatero Wilbroad. "Koma tidzere njira ya m'mapiri."

"Kwerani, akulu. Iyi siopa phiri."

Anachoka pa phula n'kulowa msewu wafumbi. Mtima wa Wilbroad unayamba kukhala pansi. Za Abednego ankaziganiza, inde, koma monga munthu aganizira mvula imene yamuonongera ulendo. Chimene ankafuna n'kugona ku Malawi tsiku limenelo.

Pa chitunda choyamba anamva kaphokoso. Kanali kakang'ono, ngati misomali ikugundana m'chitini. Munthu wamba sakanakamva, koma Wilbroad anakadziwa. Posakhalitsa kutentha kunayamba kumuwotcha katumba.

"Njingayi munaitenga kuti?"

"Ndinagula kwa mdala wina wa ku Chiparamba mwezi watha. Bwanji, yakusangalatsani?"

"Chepetsani moto. Injini yatentha."

Wilbroad anacheuka. Kumunsi, fumbi linali kukwera msewu womwewo, ndipo patsogolo pa fumbilo panali galimoto ya polisi. Wina pamsika anali atamuona akuchoka, ndipo ena kumapeto kwa tauni anali ataloza njira.

Apa mpamene mutu unamuima. Akati achepetse, apolisi awapeza. Akati athamange, ankadziwa bwino lomwe chimene chinali kuchitika pakati pa miyendo yawo: moto ukuphulika pisitoni isanafike pamwamba, chitsulo chikufufuma. Pamwamba pa phiri panali kuoneka. Kuseri kwake kunali minda ya fodya ndi tinjira tolowera ku Malawi.

"Thamangani," anatero.

"Mwati ndichepetse, mwatinso ndithamange," anaseka Israel, akupotokola dzanja kuti aonjezere moto. "Musaope, akulu. Mdala uja anandiuza kuti njingayi anaikonza a Wilbroad a kumsika. Katswiri weniweni uja."

Fungo la oilo wopsa linawakuta. Injini inalira kamodzi mokweza, tayala lakumbuyo linauma, ndipo onse awiri anakhwekhwerezeka mpaka mu ngalande.

Wilbroad anayesa kudzuka. Bondo linakana.

Galimoto inaima pambali pawo mosafulumira. Munatsika Sajeni Agnesi Tembo, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Anayang'ana anthu awiriwo, n'kuona kuti onse akupuma. Kenako anapita pa njinga, yomwe inali ikufukabe utsi, n'kukanganula mpando. Kabokosi kanali pomwepo, kofanana ndendende ndi ka pa njinga ya Abednego.

Israel anali atakhala tsonga, atagwira chigongono chosupuka, akuyang'ana njinga yake misozi ili m'maso. Anali asanamalize ngakhale mwezi akuigwiritsa ntchito.

"Amayi, sindikumvetsa," anatero. "Komabe ndiikokera kwa a Wilbroad. Iwo adziwa chimene chavuta."

"Akudziwa kale," anayankha sajeniyo, akutulutsa unyolo. "Ndi awa mwawanyamulawa."

Israel anatembenuka n'kumuyang'ana wokwera wake nthawi yaitali. Wilbroad anapereka manja ake akuda ndi girisi, maso ali pansi.