Maluwa Apinki a Felton

Anakumana pa siteji ya basi ya pa Mponela, chaka chomwe anthu anayamba kutchula zipani mokweza osacheuka. Kezia ankagulitsa mtedza wokazinga. Felton, kalaliki wa pa esiteti ina ya fodya, anagula kapu imodzi, koma anaima pomwepo mpaka basi inamusiya.

"Achemwali, kumwetulira kwanuko kwandichedwetsa ulendo."

"Bodza lake limenelo!" anatero Kezia akuseka.

Loweruka lililonse Felton ankabwera ndi timaluwa tapinki ta kachitsamba kena ka m'mapiri a Ntchisi. "Duwa langa, sindinakondepo wina. Ndiwe woyamba, ndiwenso womaliza." Ndani akanakana mawu otere? Ankhoswe atayamba kukambirana za ukwati, Felton anabweretsa kachitsambako ndi mizu yomwe, Kezia n'kukabzala pakhomo.

Koma chibzalire, mtendere unamuthawa. Akamasenda mtedza masana, ankamva ngati wina waima kumbuyo kwake. Akacheuka, zii! Kachitsamba kokha kakugwedezeka, mphepo kulibe. Mantha anamugwira, koma akanauza yani?

Tsiku lina kunafika mayi wachilendo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanakhale n'komwe pamphasa. Anangogwada pa kachitsambako, misozi ili chuchuchu.

"Ine ndine Felista. Kachitsambaka ndinabzala ndekha pamanda a mng'ono wanga Elizabeti, mkazi wa a Felton. Onani, nthambi iyi ndinadula ndine. Sabata yatha tapeza dzenje kumutu kwa manda. Chaka sichinathe chimwalirire, ndipo a Feltonwo sitinawasudzule."

Kezia anagwira tsitsi lake. Ndiye kuti maluwa onse aja ankawanunkhiza, ankawaika m'tsitsi, anali akumanda?

Felton anatulukira pa njinga, akuimba mluzu. Ataona mlamu wake, mluzu unathera pakamwa.

"Kezia, duwa langa, ndimvetsere. Malemu ankawakonda kwambiri maluwawa. Ukawavala iwe, ndimaona ngati wabwerera."

"Ndiye mumafunsira ine kapena iwowo?"



Kezia anatenga khasu. Anakumba mosamala kuti asadule muzu ngakhale umodzi, nakulunga kachitsambako m'chitenje chomwe Felton anamugulira. Ankamukondabe munthuyo, ndipo n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

"Mayi, kabwezereni kwa mwini wake, mukandipepesereko. Sindinkadziwa."

Kenako anatembenukira kwa Felton.

"Nanunso tsaganani nawo. Akazi anu akukudikirani."