Mzere Umene Useni Anaiwala

Useni anatuluka m'chipinda cha magetsi cha pamgodi cha m'ma 11 koloko usiku, kombi yomaliza yopita ku Kadoma itadutsa kalekale. Sanadandaule. Chaka chimenecho, 1996, iye ndiye anali woyamba pamgodipo kulumikiza kompyuta ku pawa sapulayi, bokosi lija lopereka magetsi. Analemba kapulogalamu koti kazikweza mphamvu pang'onopang'ono potchaja mabatire a nyali za anthu olowa pansi, popanda wina wopotokola batani. Kunena zoona, mkuluyu ankadzimva. Anasiya zonse zikuyenda zokha, mlonda wokalamba, a Amisi, akuwodzera pampando pafupi ndi mabatirewo.

Anauyamba wapansi. Pa mlatho wa Muzvezve panali zii. Kenaka kumbuyo kwake kunamveka jombo... Anaima. Nazonso zinaima.

Fungo la waya wopsa linamupeza.

Pambali pake panali bambo wovala ovololo, chipewa cha pamgodi kumutu, nyali yake yozima.

"Manheru, baba," Useni anapereka moni m'Chishona.

"Chichewa unataya, mfana?" anatero bamboyo. "Makina ako wawauza kukwera. Nanga poimira wawauza?"

"Bambo?"

"Aikona. Sunawauze."

Bamboyo anakweza dzanja. Zala zitatu zinali zakuda bii, zopindika ngati zikuni zopserera. Useni anatsinzina. Potsegula maso... panalibe munthu.

Mantha anamugwira zenizeni. Anayamba kuwerenga mumtima mizere imene analemba m'kapulogalamu kaja. Kweza. Dikira. Bwereza. Kweza... Mzere woimitsa panalibe!

Ndipo a Amisi anali m'chipinda momwemo.

Anathamanga kubwerera kumgodi. Anagwa. Anadzuka. Nsapato imodzi inatsala pamsewu. Atakankha chitseko, fungo la asidi linamutsamwitsa. Mabatire anali kuwira, manambala pakompyuta akukwerabe, a Amisi akuliza mkonono. Anazula pulagi pakhoma, n'kuwakokera kunja.

Atawafotokozera zimene anaona pamlatho, a Amisi anamuyang'anitsitsa.

"Zala zitatu, wati? Ameneyo ndi Robson wa ku Chegutu, mwanawe. Ankatchaja nyali m'chipinda chomwechi, kupotokola batani ndi dzanja. Usiku wina mu 1983 anakweza mphamvu, tulo n'kumuba, mabatire n'kuphulika. Manda ake tinakumba ndife."

A Amisi anasuzumira pakhomo, maso ali pamene ankawodzera paja.

"Tinamupeza pampando womwewo."