Nthambi za Agogo a Efim

Tsikulo linali ngati masiku onse a nyengo yozizira. Ndinabwera kusukulu dzuwa likulowa kale, anthu asanaweruke n'komwe kuntchito. Ndinapeza amayi akusanja mabotolo m'bokosi lawo lachikasu, foni ataipanira paphewa.

Ankalankhula ndi Arseni, mnzawo wa kuntchito, mnyamata wa mumzinda waukulu amene anabwera kwathu chilimwe chathachi. Mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinaima. Ankatsokomola. Anati thupi latentha, sangathe kudzuka, koma njira ya panyanja anaikonza dzulo lake, amayi asade nkhawa. Anaseka n'kunena kuti sanavutike ndi nkhwangwa. Nthambi zozika m'njiramo anazipeza zodulidwa kale, zili mbwee pamsewu, iye n'kungozikweza m'galimoto.

"Mwayi umakonda alesi," anatero amayi. "Imwa tiyi wa uchi ugone, iwe. Ungatifere kuno, amako n'kumati takudya."

Amayi anga, a Zinaida, amagwira ntchito ku ofesi ya boma yoyang'anira nyanja yathu ya Olshevo. Kutsidya kuli fakitale ya magetsi a nyukiliya. Imatunga madzi a m'nyanja kuti iziziritse makina ake, kenako imawabweza kudzera mu ngalande ali ofunda, moti mbali imeneyo siundana ngakhale kuzizire bwanji. Amayi amaboola ayezi, kuyeza kutentha kwa madzi, n'kutumiza mabotolo kukapimidwa ngati mulibe poizoni uja wosaoneka ndi maso. Chaka chimenecho nsomba zinkayandama zitafa pafupi ndi ngalande. A kufakitale ankati si iwo. A ku ofesi ankafuna madzi a pabowo lomaliza, loyandikana ndi madzi ofunda, asanakumane ndi a kufakitalewo m'mawa mwake.

Ayezi wa kumeneko ndi wachinyengo. Pamwamba amaoneka wolimba, pansi wadyeka. N'chifukwa chake panjira yodalirika amazikapo nthambi za paini, mzere wonse kuchokera kumtunda mpaka kumabowo. Zakale zinali zitauluka ndi mphepo yamkuntho, Arseni n'kuzika zatsopanozi.

Lamulo limati paayezi paziyenda anthu awiri, omangana chingwe m'chiuno. Amayi atadula foni anatembenukira kwa ine.

"Vala majombo aakulu aja," anatero. "Ndipo lero usalote uli maso, Tasya. Wamva?"

Amandidziwa. Agogo anga malemu ankandipesa tsitsi akundiponyera ndagi, ndikalephera n'kundikoka khutu, ndipo mpaka lero chilichonse ndimachiona ngati funso limene wina wandibisira yankho.

Potsikira kunyanja tinadutsa panyumba ya agogo a Efim. Mawindo anali bii. Anali msodzi wokalamba wa kumapeto kwa msewu wathu, ndipo tinali titangowaika m'manda sabata yomweyo. Ali moyo ankawedza kungalande, koletsedwa, ndipo akakumana ndi amayi ankawavulira chipewa n'kufunsa ngati dokotala wa nsomba wapeza kale chimene chikuwawa odwala ake. Amayi ankawayankha kuti wodwala wamkulu ndi iwowo, tsiku lina adzayaka mumdima ngati babu. Ankasekana choncho zaka zonse.

Kwathu munthu akamwalira timamwaza nthambi za paini kuchokera pakhomo pake mpaka kumanda, kuti aone njira yopitira, asasochere n'kubwerera. Palibe amazitola. Zimakhala pomwepo mpaka chipale chofewa chigwe n'kuzikwirira. Koma madzulo amenewo msewu wa agogo a Efim unali woyera. Ndinaganiza kuti padutsa galimoto yokankha chipale. Kenako ndinayamba kuganiza zina.

Pagombe tinamangana chingwe. Amayi anatsogola, ine pambuyo ndikukoka kangolo kotsetsereka kamene tinaikapo bokosi ndi chitsulo chobowolera. Kutsidya nyali zofiira za fakitale zinkaphethira.

"Amayi, ndagi," ndinatero. "Ng'ombe ya kwathu imamwa nyanja usana ndi usiku koma ludzu silitha."

"Fakitale. Yenda."

Mabowo oyamba sanavute. Amayi ankagwada, kuboola, kutsitsa choyezera, kudzaza botolo. Ine ndinkawaunikira ndi tochi. Ayezi ankabuula pansi pa mapazi athu ngati munthu wodwala m'chipinda china, koma zimenezo tinazizolowera. Tikamayandikira ngalande mpweya unkafewa. Unkanunkha ndere. Nkhungu imene imafuka pamadzi ofunda inayamba kukwawira kwa ife, ndipo nyali zofiira zija zinazimirira imodzi imodzi. Chinatsala ndi nthambi basi. Ukafika pa ina, ina inkaonekera kutsogolo, yakuda, itapendekeka.

Pabowo lomaliza amayi anandiuza kuti ndiime patali, chingwe chikhale chokungika. Anagwada. Ine ndinalozetsa tochi pa nthambi imene inali pafupi nane, ndikuyang'ana timadontho ta ayezi pa masamba ake.

Panali duwa.

Duwa la pepala, lofiirira, lomangidwa ndi kawaya. Pansi pake panakola kansalu kakuda kong'ambika. Maluwa oterewa ndinawaona pa nkhata imene ananyamula patsogolo pa bokosi la maliro la agogo a Efim.

Ndisanatsegule pakamwa ndinamva phokoso kumbuyo, kumene tinachokera. Linali ngati munthu akuzula chinthu. Kenako zii. Kenako mapazi, okhwekhwereza, osafulumira. Anaima. Kuzula kuja kunamvekanso, pafupi pang'ono.

Ndinatembenuza tochi.

Poyamba inali nkhungu yokha. Kenako mthunzi. Munthu wamtali wowerama msana, atavala suti yakuda. Analibe chikhoti, analibe chipewa, kuzizira konse kuja. Kumapazi anavala tinsapato tansalu toyera. Anawerama, nazula nthambi, naipanira kukhwapa kumene kunali mtolo wa zina. Anayenda mpaka pa yotsatira. Anawerama.

Mpweya wanga unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pake sipankatuluka kanthu.

Kumbuyo kwake kunalibenso njira.

Ndinakoka chingwe. Amayi anadzuka ndi botolo m'manja, anafika pamene ndinali, ndipo ndinawalozera duwa lija, kenako munthuyo. Anayang'ana zonse ziwiri. Sanakuwe. Anatseka botolo bwinobwino, naliika m'bokosi.

"Arseni, mwana wopusa iwe," ananong'ona.

Kenako anayamba kumasula chingwe m'chiuno mwawo. Ndinawagwira manja. Anandichotsa mwamphamvu. Analankhula motsitsa mawu, mwachangu, ngati mmene amandiuzira zogula kusitolo. Anati mizere ya kangolo ikuonekabe m'chipale, ndiitsate isanafufutike. Ayezi akalira ndigone pamimba, ndikwawe. Bokosi ndikalipereke ku ofesi. Ndisatembenuke.

Ndinati tipite tonse. Munthuyo tingomulambalala.

"Akafika pa nthambi yomaliza n'kupeza palibe manda, atsata ndani?" anatero amayi. "Atsata ife mpaka pakhomo. Pita."

Mizere ya kangolo inkadutsa pomwe munthuyo anali. Panalibe kwina. Kumanja ayezi anali wakuda, kumanzere ndinkamva madzi akunyambita m'mphepete. Ndinayenda maso ali pansi. Ndinaona tinsapato tija. Tinali tonyowa, ndipo pamene taponda chipale chinkasanduka madzi. Ndinamva fungo la lubani ndi la fodya wa m'kaliwo. Nditafika pambali pake anasiya kuwerama. Mutu unayamba kutembenukira kwa ine, pang'onopang'ono.

"Agogo a Efim!" Anali amayi, ndi mawu awo a masiku onse, aja a pamsewu. "Mwasocheratu. Kuno n'kuntchito kwanga, si kwanu. Ngakhale mutafa simumva zoti kungalande n'koletsedwa?"

Mutu uja unabwerera.

"Dokotala wa nsomba," anatero. Mawu anali awo ndithu, koma ankamveka ngati akuchokera pansi pa ayezi. "Njira yanga yathera pamadzi."

"Ndaona. Bweretsani nthambizo kuno. Ndikuperekezani."

Sindinamve zambiri. Ndinakoka kangolo n'kumapita. Chipale chopyapyala chinali chitayamba kugwa, ndipo mizere inkachepa ndikuiona. Penapake ayezi analira ngati mbale yosweka, mng'alu n'kuthamanga pakati pa miyendo yanga. Ndinagona pamimba. Ndinakwawa, chingwe chikukhwekhwereka pambuyo panga chopanda munthu. Sindidziwa kuti ndinakwawa nthawi yaitali bwanji. Ndinangozindikira kuti manja anga agwira bango.

Ndinathamangira kwa azakhali a Raya, a nyumba yoyandikana nafe. Anali akukazinga mbatata. Nditawauza anazimitsa moto, anadzilemba mtanda, n'kutuluka opanda mpango kumutu. Amuna anasonkhana pagombe ndi nyali. Anaitana dzina la amayi mpaka mawu anasasa. Wina anayesa kuponda paayezi, anzake anamubweza. Popanda nthambi, munkhungu ngati ija, kunali kungowonjezera maliro. Alonda a kufakitale anati bwato lingayende kukacha. Ine anandikhazika pafupi ndi mbaula atandifunditsa mabulangete, koma tiyi amene anandipatsa anazizira m'manja.

Amene anawapeza amayi ndi mlonda wa kumanda, kukungoyera. Anali atakhala pansi pambali pa manda a agogo a Efim, atatsamira mtanda, maso ali yuu. Anali moyo. Majombo awo anali odzaza madzi, ndipo mlondayo analumbira kuti madziwo ankafuka nthunzi. Kuchokera pagombe, kukwera chitunda, kudutsa kuseri kwa tchalitchi mpaka pamandapo, nthambi zinali zitayalidwa pansi mwadongosolo, zonyowa. Mapazi a amayi ankaoneka njira yonse. Pambali pawo panali timaenje ta chipale chosungunuka.

Bokosi ndinakalipereka. Akuluakulu anakumana, anakangana, kenako anatumiza munthu wina kudzagwira ntchito ya amayi. Iyeyu nthambi amakadula yekha kunkhalango. Arseni atamva nkhaniyi anabwera pakhomo pathu, anaima pa geti osalowa. Azakhali a Raya anamufunsa ngati kwawo kumzinda anthu samafa. Anati kwawo amangokwera galimoto, palibe amayala kanthu pamsewu. Analira. Sabata yomweyo anakwera basi.

Amayi anakhala masiku angapo osalankhula. Ankadya pang'ono, ankagona atayang'ana khoma. Dokotala anati ndi kuzizidwa ndi mantha, zidzatha.

Tsiku lina ndikuyanika chikhoti chawo ndinamva chinthu chikundibaya m'thumba la mkati. Inali nthambi ya paini, yaifupi ngati chikhatho changa. Ndinapita nayo kuchipinda. Amayi anaiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anatsegula pakamwa.

"Inatsala imodzi," anatero. "Agogo a Efim anati ndisunge, ndidzaifuna."

Nthambi ya maliro silowa m'nyumba. Aliyense kwathu amadziwa zimenezo, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Azakhali a Raya anati ndiiponye m'mbaula nthawi yomweyo, amayi achira. Amayi ena ogulitsa buledi kusitolo anandikokera pakona n'kunena kuti ndisayerekeze. Chimene wakufa wakupatsa m'manja ukachiwotcha, wopatsidwayo amapita ndi utsi. Ena akuti ndikaibweze pamanda. Ena akuti ndikatero ndiye kuti ndayala ndekha chiyambi cha njira. Amanong'onezana ndikamadutsa, ndipo ndikatembenuka amandipatsa moni mwachifundo.

Ndinaiika m'botolo la madzi pawindo, poyembekezera kuti ndidziwe chochita.

Kunja chipale chikadali chofika m'mawondo, ndipo m'nkhalango mitengo yonse ili mtulo. Koma nthambi yathu yaphukira. Nsonga zake zatulutsa timasamba tofewa, tobiriwira. Amayi akuonda. Mphete yawo inavuka yokha dzana akusamba m'manja. Dzuwa likamalowa amadzuka, amakhala pampando wa pawindo n'kumaiyang'ana, ndipo nthawi zina amaiyeza ndi chala.

Madzi m'botolomo amatha msanga. M'mawa uliwonse ndimaima pamenepo ndi kapu m'dzanja, mbaula ikuyaka kumbuyo kwanga. Ndimaima mpaka nthawi ya sukulu itakwana. Kenako ndimathira.