Kandowa ka Jesinta

Jesinta ankakhala ku Makhanga, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mtima wake unkafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumvanso nyundo ya bambo ake ikulira.

Bambo ake anali a Fernando. A Fernando anali mmisiri wa malata. Ankakhoma ndowa. Ankakhoma mbaula. Ankagwirira ntchito kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa nimu. Pamenepo panali chidutswa cha njanji. Ankaika lata panjanjipo. Dzanja lamanzere linkagwira lata. Dzanja lamanja linkamenya ndi nyundo.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Tambala wa pakhomopo analibe ntchito. Nyundo ndiyo inkadzutsa anthu m'mawa.

Chaka china madzi anasefukira. Khoma la nyumba linagwa. Linagwera dzanja lamanzere la a Fernando. Anthu anawatengera kuchipatala pabwato. Pobwerako anali ndi dzanja limodzi.

Nyundo inakhala chete. Tambala anayambanso kulira monyada. Koma Jesinta sankamufuna tambalayo. Iye ankafuna nyundo.

Pamtengo wa nimu panali popachikidwa kandowa. Kanali ka Jesinta. Bambo ake anakayamba madzi asanabwere, koma sanakamalize. Pansi pake panali pongoyasama. Jesinta akasuzumiramo, ankaona mitambo.

Anzake ankapita kumjigo ndi ndowa zawo. Jesinta ankapita ndi chigubu chakale. Akamadutsa pamtengo paja, ankakagwira kandowa kake. Ankakagwira, n'kukasiya.

Tsiku lina kunabwera amalume ake, a Elisha.

"Alamu, zitsulozi mukuti nazo bwanji?" anafunsa a Elisha.

"Zitengeni," anayankha a Fernando. "Pano zikungochita dzimbiri."

"Ndibwera Loweruka ndi ngolo. Ndidzatenga nyundo ndi njanji yomwe."

Jesinta anamva zonse. Mtima unamuwawa kwambiri. Nyundo ikapita, sadzaimvanso. Nyundo ikapita, kandowa kadzakhala koyasama mpaka kalekale.

"Ababa," anatero Jesinta, "ine ndizikugwirirani lata."

"Ayi, mwananga. Nyundo ilibe maso. Tizala takoto n'tolembera kusukulu."

Jesinta sanagwe ulesi. Anakunkhuniza mwala waukulu. Anautsamiritsa palata.

"Yesani tsopano, Ababa. Chonde, kamodzi kokha."

A Fernando anatola nyundo. Anamenya kamodzi. Mwala unagubuduka. Lata linathawa. Nkhuku nazo zinathawa. Koma palibe anaseka.

"Waona?" anatero a Fernando motsitsa mawu. "Lata silifuna mwala. Limafuna dzanja. Dzanja limagwira, n'kusiya. Limagwira, n'kusiya."

Anaika nyundo pansi. Analowa m'nyumba.

Lachinayi Jesinta anatumidwa ndi amayi ake. "Yunifolomu yako yang'ambika. Pita nayo kwa azakhali ako a Hannah akasoke."

A Hannah anali telala. Jesinta anakhala pambali pa makina. Anayang'ana manja a azakhali ake. Manja onse awiri anali pansalu. Nanga makinawo akuyendetsa ndani?

Jesinta anasuzumira kunsi kwa tebulo. Anaona phazi! Phazi linkaponda, n'kusiya. Linkaponda, n'kusiya.

Jesinta anadzambatuka. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka.

"Iwe! Yunifolomu yako!" anakuwa a Hannah. Koma mwana anali atapita kale.

"Ababa! Ababa! Phazi!"

"Phazi latani? Waponda minga?"

"Ayi, phazi lanu! Azakhali amayendetsa makina ndi phazi. Inu muli ndi mapazi awiri. Onse angokhala!"

A Fernando anayang'ana mapazi awo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anagwedeza chala chachikulu. Kenako anawerama. Anayamba kujambula padothi ndi kamtengo.

"Kaitane amayi ako," anatero. "Ubwere ndi njinga yathu yakufa ija."

Lachisanu lonse anagwira ntchito atatu. Anakweza njanji pachitsa. Anaika mpando pambali pake kuti a Fernando azikhala bwino. Amayi anamasula tcheni cha njinga. Jesinta anabweretsa thabwa ndi mphira wa chubu. A Fernando ankaloza. Amayi ankamanga.

Pamwamba pa njanji anaikapo chitsulo chopindika. Tcheni chinachoka pachitsulo kufika pathabwa. Thabwa linali pansi, pafupi ndi phazi. Mphira anaumangirira kunthambi ya nimu.

A Fernando anaponda thabwa. Chitsulo chinatsika. Chinaluma lata. Ananyamula phazi. Mphira unakoka chitsulo m'mwamba. Lata linamasuka.

Anapondanso. Phwa! Mphira unaduka.

Jesinta anafuna kulira.

"Usalire," anatero a Fernando. "Tiphatikize iwiri."

Anaphatikiza mphira iwiri. Ulendo uno sunaduke.

Loweruka m'mawa a Elisha anabwera ndi ngolo. Ali patali, anaimitsa ng'ombe. Anatchera khutu.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Anafika kuseri kwa nyumba. Anapeza a Fernando ali thukuta kamukamu. Phazi linkagwira, n'kusiya. Dzanja linkatembenuza lata, n'kutola nyundo. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono, koma inkayenda.

"Aa, alamu!" anatero a Elisha. "Ndiye ng'ombezi ndazivutitsa chabe?"

"Funsani Jesintayu," anayankha a Fernando. "Ndiye wandiuza kuti mapazi anga ndi aulesi."

A Elisha anaseka mpaka misozi. "Pyadidi, zili bwino! Ngolo ibwerere yopanda kanthu!"

Dzuwa litafika pamutu, nyundo inaleka. A Fernando anamupatsa Jesinta kandowa kake. Jesinta anasuzumiramo. Sanaone mitambo. Anaona nkhope yake palata latsopano la pansi pake.

"Kapindika pang'ono," anatero a Fernando. "Phazili likadali kuphunzira."

"Ndi kabwino, Ababa. Ndi kanga."

Jesinta anathamangira kumjigo. Anadzaza kandowa mpaka pakamwa. Anasenza. Anayenda pang'onopang'ono. Ngakhale dontho limodzi silinamugwere pamutu.

Atafika, anagwada. Anatunga madzi m'kapu. Anawapatsa bambo ake. A Fernando anamwa onse.

"Takhuta, zikomo mwananga," anatero.

M'mawa mwake tambala anakwera pakhola. Anakupiza mapiko. Anatukula khosi. Anatsegula kukamwa.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Tambala anali atachedwa. Jesinta anamwetulira ali pamphasa.