Mendulo ya Clementina Pansi pa Shire

Clementina atakwatiwa ndi Yoram pa tchalitchi cha ku Utale, atsikana a kwa Nsamala anasirira mpaka kusowa tulo. Mwamunayo anali atangofika kuchokera ku Beira, kumene anaphunzira kulowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya kumsana. Kampani ina ya azungu inamulemba ntchito pa Liwonde, yokonza zingwe za pantoni yowolotsa anthu mu Shire ndi kuphunzitsa anyamata luso lomwelo. Masiku amenewo akavuuka ankamutengera mkazi wake tinkhono tonyezimira, Clementina n'kumulonjera ndi mwambi: "Kanyama kanga kamapuma ndi msana, koma kamagona pamphasa."

"Ndine amene," Yoram ankatero, onse n'kufa nacho chiseko.

Koma munthu amene amaseka kunyumba si yemwe amalamula kuntchito. Wophunzira aliyense ankamangidwa chingwe m'chiuno, mnzake n'kuchigwira ali m'bwato, ndipo wapansiyo akachikoka mobwerezabwereza ndiye kuti akupempha kuti amuvuule. Yoram ankatsika naye mnyamatayo, n'kumutsekera dala kampopi ka mpweya, ati mantha athe. Tsiku lina Elliam, wogwira chingwe, anavuula mnzake msanga. Yoram anam'menya ndi nkhafi mpaka dzino kuguluka.

"Chingwe chikamavina ndi mantha chabe," anamuuza. "Usadzakokenso ine ndisanatulukire."

Kuyambira pamenepo chingwe chinkavina, anyamata n'kumangochiyang'ana.

Clementina ankachapa pafupi ndi dooko, ndipo zonsezi ankaziona. Ataona mwana wa eni akusanza madzi osakanikirana ndi magazi, analephera kupirira.

"Bambo, mudzapha munthu," anatero kunyumba.

"Unalowamo liti m'madzi iwe? Ku Beira Apwitikizi ankanditsekera chimodzimodzi. Ndinafa?"

"Simunafe, koma chifundo munachisiya komweko."

Mbama imene analandira inam'phunzitsa kuti pakhomopo nkhaniyi inalibe khutu. Choncho anaganiza za Ambrose wa ku Rivirivi, wophunzira wofatsa amene anzake ankamumvera. Anakumana naye kuseri kwa chigayo.

"Achimwene, kauzeni mzungu wanu zimene zikuchitikazi. Ine ndine mkazi wawo, sindingawanenere."

"Mayi, mzungu amamvera aphunzitsi. Adzati Ambrose ndi wamantha, abwerere kwawo akalime thonje."

"Thonje silimiza munthu."

Anakumananso kachiwiri, kachitatu, mpaka Ambrose anavomera kuti mzunguyo akabwerako ku Zomba, anyamata onse akalankhula pamodzi. Clementina anavula mendulo ya Maria imene anavala pa tsiku la ukwati wake, n'kumupatsa. "Muzivala mukamalowa, ikusungeni kufikira tsikulo."

Kalanga, chabwino chochitira kuseri chimavala nkhope ya choipa. Amayi a pachigayo anaona anthu awiri akunong'onezana, zotsalazo anawonjezera okha. Nkhani inayenda ndi malichero a ufa, inakwera pantoni, inawoloka mtsinje, ndipo pofika m'makutu a Yoram inali itamera miyendo ndi mchira.

"Kuchigayo kumagayidwa chimanga kapena ukwati wanga?" anafunsa atatseka chitseko.

"Iyayi bambo, si zimene mukuganizazo."

"Nanga n'ziti? Nena. Mumakambirana chiyani ndi kamwana kaja?"

Clementina akanaulula, Ambrose akanathyoledwa nthiti mzungu asanabwere. Anasankha kukhala chete, osadziwa kuti kwa munthu wansanje chete ndi kuvomera.

"Mendulo yako ili kuti?"

"Inaduka kumadzi."

Yoram sanamenye tsiku limenelo. Anangomwetulira.

M'mawa mwake dzuwa linawala bwino. Clementina ali ndi zochapa zake pamwala, anaona Ambrose akuvula malaya m'bwato, kanthu n'kung'anima pachifuwa pake. Anaona mwamuna wake akuyang'anitsitsa kanthuko, kenako akum'mangira yekha mnyamatayo botolo, mofatsa ngati mayi wobereka mwana. Awiriwo analowa m'madzi.

Posakhalitsa chingwe chinayamba kuvina m'manja mwa Elliam. Chinavina, chinavina. Thovu limene linkatumphuka pawiri linatsala pamalo amodzi.

"Elliam, koka!" Clementina anakuwa.

"Aphunzitsi anakaniza, mayi. Ndi mantha chabe, azolowera."

"Koka, mwana iwe, ndakupempha!"

Elliam anagwira pakamwa pamene panaguluka dzino, osakoka. Clementina analowa m'madzi ndi chitenje chomwe mpaka m'khosi, koma bwato linali kutali. Kenako chingwe chija chinaleka kuvina.

Yoram anatulukira yekha. Anasambira mpaka kumtunda, anavula magalasi ake, n'kuponya mendulo pamapazi a mkazi wake.

"Unati inaduka kumadzi. Ndakutolera."

Mtembo wa Ambrose atauvuula, kampopi anakapeza kotsekedwa zolimba, koti mwamuna wamphamvu anavutika kukatsegula. Mayi ake atafika kuchokera ku Rivirivi sanalire mokweza. Anangokhala pamchenga n'kumapukuta tsitsi la mwana wawo ndi mpango, ngati angamve kuzizira.

Kukhoti Yoram anati inali ngozi ya pantchito. Elliam anafotokoza za nkhafi ndi za lamulo losakoka chingwe, akulira ngati wapha ndiye. Kenako Clementina anaitanidwa. Anayang'ana mwamuna amene ankamutengera tinkhono, ndipo ananena zonse: za kuchigayo, za mendulo, ndi mawu aja a padooko. Woweruza anagamula kuti Yoram anyongedwe, koma pambuyo pake chilangocho anachisintha kukhala ndende ya moyo wonse ku Zomba.

Clementina anapitako kamodzi kokha. Anam'peza ataonda, maso atalowa, atagwira zitsulo za pazenera.

"Zimene unanena kukhoti zija," Yoram anayamba, "unangofuna kudziyeretsa. Unkamukonda."

"Iyayi bambo. Ndinkafuna mzungu akuletseni musanaphe munthu. Amene ndinkapulumutsa ndinu."

Yoram anayang'ana nkhope ya mkazi wake nthawi yaitali, kufunafuna bodza loti atsamire, koma sanalipeze. Manja ake anatsetsereka pazitsulo, n'kukhala pansi. Mlonda atabwera kudzati nthawi yatha, anam'peza akupuma movutika ngati munthu amene am'tsekera mpweya.

Nsanje imayamba ndi kutseka makutu, manja amangotsatira. Yoram anaphunzitsa anyamata ake kuti munthu akamapempha thandizo ndi mantha chabe, ndipo iye mwini analephera kumva mkazi wake pamene ankamukoka kuti avuuke. Clementina anabwerera kwa Nsamala ndi mendulo yake m'manja. Sanaivalenso, ndipo mpaka imvi sanachapenso kumtsinje.